Ku La Digue, koma mukagone komweko

Achemwali, mwati inu ndi bambo akunyumba mwatopa ndi ntchito, ndipo mukufuna chilumba chabata choti mukapumeko sabata imodzi, kopanda phokoso la magalimoto ndi zoimbaimba za usiku. Ine ndikuti pitani ku La Digue, chimodzi mwa zilumba 115 za dziko la Seychelles.

Ndi kachilumba kakang'ono, pafupifupi masikweya kilomita 10, ndipo kulibe bwalo la ndege. N'chifukwa chake kuli zii. Ndege imakutulani pa chilumba chachikulu cha Mahé, mukwere boti pafupifupi ola limodzi mpaka pa chilumba cha Praslin, kenako lina la mphindi 15 zokha. Mukatsika padoko, bwerekani njinga yakapalasa, chifukwa magalimoto ndi owerengeka ndipo aliyense amayenda pa njinga. Tsiku loyamba mtima umakhalabe pa liwiro, mumangoyang'ana foni. Pofika lachitatu mudzaona kuti mwaiwala ngakhale kufunsa nthawi.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri n'chakuti mukagone pachilumbapo masiku anayi kapena asanu. Alendo ambiri amachokera ku Praslin m'mawa n'kubwerera madzulo, ndiye masana gombe lotchuka la Anse Source d'Argent limadzaza ndi anthu ojambula zithunzi. Wogona komweko amalawirira n'kupeza mchenga woyera uli wopanda mapazi a munthu, matanthwe akuluakulu aja atangoti njo m'mphepete mwa madzi. Madzi ake ndi osaya komanso odekha chifukwa miyala ya pansi pa nyanja imatchinga mafunde. Funsani kaye nthawi yomwe madzi amadzaza, poti akaphwa amalekeza m'maondo ndipo simungasambire bwino. Polowera mumadutsa m'munda wakale wotchedwa L'Union Estate, komwe mumalipira pachipata, ndipo komweko mudzaona akamba akuluakulu akudya mwaulesi pamthunzi.

Tsono mumve bwino apa. Mbali ina ya chilumbachi kuli Grand Anse, Petite Anse ndi Anse Cocos. Kukongola kwake n'kosasimbika, anthu ndi ochepa, koma kulibe chotchinga mafunde, ndipo madzi amakoka munthu kupita naye pakati. Zimanyanya kuyambira Meyi mpaka Seputembala pomwe kumawomba mwera. Kakhaleni pamchenga, mverani mkokomo wa nyanja, koma mukaona chikwangwani choletsa kusambira, musachite makani ngakhale mutakhala katswiri. Posambira madzulo ine ndimakonda Anse Severe, komwe dzuwa limalowa mukuliona.

Za nyengo, sankhani Epulo, kapena Okutobala ndi Novembala, pomwe mphepo imakhala ikusintha mbali ndipo nyanja imagona. Disembala ndi Januwale kumagwa mvula yambiri.

Viza safuna, koma musananyamuke muyenera kulembetsa chilolezo cholowera m'dzikomo pa intaneti, ndipo amafuna kuona tikiti yobwerera ndi komwe mukagone. Kunena mosabisa mawu, Seychelles ndi yodula. Nyumba zazing'ono za alendo zokhala ndi khitchini zimapulumutsa thumba kuposa mahotela, komanso n'zomwe zili phee. Tengani mafuta oteteza khungu kudzuwa, chipewa, mankhwala othamangitsa udzudzu, ndi tochi, popeza misewu ina imakhala yamdima usiku mukamapalasa njinga.

Musadzaze masiku onse ndi maulendo. Umodzi wokha ndi womwe ndingakulimbikitseni: kuwoloka kupita ku Vallée de Mai pa Praslin, nkhalango yomwe bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo otetezedwa mu 1983, komwe kumamera mgwalangwa wa coco de mer wobala njere yaikulu kuposa zonse padziko. Masiku otsalawo, m'mawa wina lowani ku Veuve Reserve mukafunefune kambalame kakuda ka mchira wautali kotchedwa veuve, kenako mubwerere kugombe mukagone pansi pa mtengo.