Musamulande mabukuwo, amayi

Mayi wina wa ku Chawama, kuno ku Lusaka, wandilembera kalata pa imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 15 wakondetsa mabuku a achinyamata onena za dziko loipa lam'tsogolo, kumene boma limalamulira ndi mantha, anthu anagawidwa m'magulu odana, ndipo mtsikana wa m'nkhanimo amatulukira kuti makolo anamubisira chiyambi chake. Tsopano mwanayo wayamba kufunsa za agogo ake aamuna, amene pakhomopo satchulidwa. Akuti, kodi ndimulande mabukuwo?

Ayi, amayi. Koma mundilole ndizungulire kaye, chifukwa mwandigunda pachilonda.

Ife tinakulira ku Matero tikudziwa kuti kwathu ndi ku Katete, basi. Mu 1996, boma la a Chiluba litasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti makolo ake onse awiri akhale nzika zakubadwa za Zambia, a Kaunda anatsekeredwa kunja chifukwa makolo awo anachokera ku Nyasaland. Chaka chimenecho bambo anga anatiletsa kucheza ndi agogo akazi pamaso pa alendo. Sitinamve chifukwa chake. Ndinadzamva ndili wamkulu, pamaliro, kuchokera kwa azakhali ena okonda kulankhula, kuti agogowo anabadwira ku Mchinji, anawoloka malire ali kamtsikana, ndipo bambo ankaopa kuti wina adzafunsa za reji yawo, chitupa chija cha unzika. Kuganiza kwawo kunali kotere: ngati munthu amene analamulira dziko zaka 27 angatchedwe mlendo, nanga kalipentala wa ku komboni ndani? Mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamuladi kuti a Kaunda si nzika. Ndiye bambo sindiwaseka, ngakhale ndinawakwiyira nthawi yaitali.

Chondipweteka n'chakuti chinsinsicho chinali chopanda pake. Mwezi wa August uliwonse Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, palibe wofunsa mnzake kuti mchombo wake unagwera mbali iti ya malire. Koma mu Lusaka tinabisa gogo wathu m'nyumba mwake momwe.

Ndiye anthu akamandiuza kuti mabuku amenewa ndi nkhani za azungu zosokoneza ana, ine magazi amawira. Zosokoneza bwanji? Mu April 2016 mphekesera zakuti alendo akupha anthu n'cholinga chopeza zizimba zinayenda m'makomboni, masitolo a anthu a ku Rwanda anaphwanyidwa ku George ndi ku Zingalume, ndipo mabanja anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius. Kumayambiriro kwa 2020 kunabwera nkhani yakuti anthu ena akupopera gasi m'nyumba za anzawo, imene inayambira ku Chingola n'kufika kuno. Amuna ankachezera pamoto ndi zibonga, ndipo munthu wongosochera njira ankatha kuphedwa ndi gulu. Mwana wanuyo, amayi, anali atabadwa kale. Anamva mluzu usiku, anaona nkhope zanu. Palibe amene anakhala naye pansi n'kumufotokozera kuti mantha amasandutsa bwanji anansi abwinobwino kukhala oponya miyala. Buku la salaula logulidwa mumsewu wa Cairo ndi limene lagwira ntchito imeneyo, ndipo ife akuluakulu tiyenera kuchita manyazi.

Zimene mabukuwa amanama

Sikuti ndimawakonda onse. Ambiri amanamiza ana kuti chinsinsi cha m'banja chikaululika, mwana amapezeka kuti ndi wapadera, mwana wa mfumu kapena mpulumutsi wa dziko. Zathu sizikhala choncho. Zimakhala mimba ya pasukulu, ndende, matenda amene anthu ankaopa kutchula dzina lake, kapena mkangano wa munda. Komanso oipa a m'mabukumo amavala yunifolomu, pomwe kuno wofalitsa mphekesera amakhala mayi amene mumaimba naye kwaya.

Choncho bwerekani buku limodzi muwerenge, mumufunse amene akumumvera chisoni m'nkhaniyo. Za agogo akewo, muuzeni zimene msinkhu wake ungasenze, zotsalazo munene poyera kuti zilipo ndipo mudzamuuza liti. Mukachedwa adzakamvera kwa azakhali, ndipo azakhali sasankha mawu.