Funsani Malume: Kodi 10% ya buku langa ndi ndalama zingati?

Malume, ine ndi mphunzitsi kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, ndasonkhanitsa nthano za agogo a ku Domwe ndi ku Tsangano mpaka lakwana buku la Chichewa. Kampani ina ya mabuku ku Blantyre yati ilisindikiza, izindipatsa 10% pa buku lililonse komanso ndikangosaina andipatsa adivansi yokwana ngati 15,000 metikali. Buku akuti lizigula cha m'ma 500 metikali. Koma kontrato yake ndi ya chingerezi ndipo ine chingerezi changa ndi chongogulira feteleza pa Calomue. Ndisaine? Mayi akunyumba ayamba kale kufunsa mitengo ya malata.
Mphunzitsi, Ulongwe

Aphunzitsi, mayiwo auzeni ayambe adekha kaye. Adivansi si mphatso ayi, ndi ndalama yanu yomwe ija ya 10% angokupatsiranitu, ndiye buku likayamba kuyenda kampani imayamba yadzibwezera mpaka 15,000 ija ikwane, kenako ndi pomwe mumayambanso kulandira. Ubwino wake nthawi zambiri buku likakanika pa msika sakuuzani kuti mubweze, amabweza ndi amene walephera kupereka buku lomwe analonjeza. Koma zimenezi zikhale zolembedwa, musangomvera pa foni.

Tsopano pa 10% apa ndi pomwe pagona nkhani. Afunseni kuti 10% ya chani? Ikakhala ya mtengo wolembedwa pachikuto, buku la 500 likupatsani 50. Koma makampani ambiri amawerengera pa ndalama yomwe yawafika iwo m'manja, ndipo ogulitsa m'masitolo amadulapo yawo, tingoyerekeza 40%, ndiye kampani yalandira 300 inu yanu ndi 30 basi. Kuti adivansi ija ithe pafunika mabuku 300 pa njira yoyambayo, pa yachiwiriyi 500. Ndiye akasindikiza 1,000 n'kugulitsa onse, zomwe sizichitika chaka chimodzi pa buku la nthano, ndalama yanu yonse ndi 50,000 kapena 30,000 kuphatikiza adivansi yomweyo. Malatawo muwerengere pamenepo.

China, anthuwa ali ku Malawi ndiye alipira makwacha. Mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44% tsiku limodzi, amene anali ndi ngongole zawo kutsidyako analira. Alembe kuti azikulipirani liti, kaya kamodzi kaya kawiri pachaka, kudzera njira iti, komanso azikutumizirani pepala losonyeza mabuku asindikizidwa angati, agulidwa angati, atsala angati. Popanda pepala limenelo muzingouzidwa kuti buku silikuyenda aphunzitsi, inu mukuliona pa shelefu ku Dedza.

Koma ine chomwe chimandiwawa kwambiri si peresenti, ndi kandime kena kamabisala chakumapeto konena kuti mwapereka umwini wonse wa buku, zinenero zonse, maiko onse, mpaka kalekale. Lamulo la kwathu kuno ku Mozambique, lomwe linakonzedwanso mu 2022 kulowa m'malo mwa la 2001, limateteza buku moyo wanu wonse kuonjezapo zaka 70 mutamwalira, ku Malawi ndi zaka 50, ndiye mukasaina kandime kameneko mwagulitsa ndi gawo la zidzukulu zomwe pa 15,000. Abwerekeni munda alime, musawagulitse. Muwalole kusindikiza m'Chichewa chokha, kwa zaka zowerengeka monga 5 kapena 7, ndipo buku likatha osalisindikizanso ufulu ubwerere kwa inu. Chipwitikizi musunge nokha, mawa kampani ya ku Maputo itha kulifuna, nanga si m'masukulu ena a pulaimale kuno ku Tete ana amaphunzira m'Chinyanja ndipo mabuku owerenga ndi osowa. Za wailesi ndi za pa intaneti nazonso zikhale pazokha.

Musasaine chinthu chomwe simunachimve. Pezani mnzanu wophunzitsa chingerezi muwerenge limodzi ndime ndi ndime, pomwe pavuta funsani a SOMAS, bungwe loona za ufulu wa alembi ndi oimba kuno, kapena a AEMO bungwe la alembi lomwe lilipo kuyambira 1982. Kutsidyako ku Malawi bungwe loona za ufulu wa alembi ndi oimba ndi COSOMA. Kampani yabwino sikwiya mukapempha masabata awiri oti muganize.

Malume, ine a kampani ina anandiuza kuti ndilipire 40,000 metikali kuti andisindikizire ndakatulo zanga, kenako azindipatsa 15%. Zili bwino?
Mtsikana wa ku Moatize

Iyayi mwana wanga, pamenepo akufuna akudyere kawiri. Ngati kampani ikukupatsa peresenti ndiye kuti ndalama yosindikizira ikuchoka m'thumba mwawo. Ngati ukulipira ndiwe, iwowo ndi aganyu ako, mabuku onse ndi ako ndipo phindu lonse ndi lako. Kudzisindikizira si kolakwika, ambiri amatero n'kumagulitsa okha kutchalitchi, kusukulu, ena amalipira pa M-Pesa. Ungofunsa mitengo malo atatu, uone buku lina lomwe anasindikizapo ngati masamba sakuthothoka, uyambe ndi ochepa ngati 100, ndipo fayilo yomaliza ya pa kompyuta akupatse usunge wekha.