Yankho kwa mayi amene afunsa za thandizo la fizi ku Ivy Tech

Mayi, mwafunsa ngati mnyamata wanu, amene akufuna kuphunzira ntchito yowotcherera zitsulo ku Ivy Tech Community College kuno ku South Bend, Indiana, angapeze thandizo la fizi. Thandizo lilipo ndithu, koma chimene chimatsegula kapena kutseka khomo ndi mapepala amene ali nawo okhalira muno mu America, ndipo pa mfundo imeneyi simunanenepo kanthu.

Ngati ndi nzika kapena ali ndi green card, ayambe ndi kulemba fomu ya FAFSA yofunsira thandizo la fizi ku boma, imene ndi yaulere ndipo kawirikawiri imatsegulidwa pa 1 Okutobala. Fomu imeneyi ndi imene imapezetsa Pell Grant, ndalama za boma zimene si ngongole, zomwe m'chaka cha maphunziro cha 2024-25 zinkafika madola 7,395 kwa wophunzira wochokera m'banja lopeza zochepa. Pa koleji ya zaka ziwiri ngati Ivy Tech, ndalama zimenezi zimatha kulipira fizi yonse, nthawi zina n'kutsalako zogulira nsapato zolimba ndi chipewa chowotcherera. Boma la Indiana lilinso ndi Workforce Ready Grant, imene imalipira maphunziro a satifiketi pa ntchito zosowa anthu monga zamafakitale, zomangamanga, zaumoyo ndi zamakompyuta, malinga ngati munthuyo akukhala mu Indiana ndipo alibe digiri. Thandizo lina la Indiana limafuna kuti FAFSA ikhale italowa pofika pa 15 Epulo, ndipo ndaona mabanja athu ambiri akuphonya tsikuli chifukwa choyembekezera kuti mwana ayambe walandiridwa kaye pa koleji, chimene si chofunika.

Pamwamba pa zimenezi, bungwe la American Welding Society limapereka ma scholarship kwa ophunzira ntchito yowotcherera chaka ndi chaka, ndipo kolejiyo ili ndi thumba lake limene amafunsira kudzera ku ofesi ya financial aid. Ndalama zake n'zocheperako, koma sizoti n'kuzinyoza.

Ngati ali pa viza ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, nkhani ndi ina. Pell Grant sangalandire, fizi amalipira yokwera kuposa ya anthu a mu Indiana, ndipo popanda chilolezo chapadera lamulo limamulola kugwira ntchito pasukulu pokha, maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Asanyengedwe ndi anzake kuti akagwire maganyu kunja mobisa, chifukwa zikadziwika akhoza kutaya viza. Chimene chingamuthandize ndi kukhoza bwino kuti alowe m'bungwe la Phi Theta Kappa la ophunzira okhoza bwino a m'makoleji a zaka ziwiri, limene limatsegulira mamembala ake mwayi wa ma scholarship.

Kwa ine, chovuta kwambiri si kupeza thandizoli ayi, koma kulisunga. Makoleji ambiri amafuna kuti wophunzira asatsike pa GPA (avareji ya magiredi ake) ya 2.0 komanso kuti azimaliza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makalasi amene analembetsa. Anyamata athu amakonda kutenga mashifiti ausiku kuti azitumiza kangachepe kumudzi, kenako n'kusiya makalasi pakati pa teremu, osadziwa kuti akasiya onse nthawi isanakwane akhoza kuuzidwa kuti abweze gawo la Pell Grant imene analandira. Ndi bwino kuti alembetse makalasi ochepa amene angawamalize.

Ngati sekondale anamalizira ku Malawi, atenge satifiketi yake ya MSCE popita ku ofesi yolembetsa, chifukwa akhoza kumuuza kuti ikaunikidwe kaye ndi bungwe lounika masatifiketi akunja, ndipo zimenezi zimatenga milungu ingapo. Mutiuze mapepala amene ali nawo kuti tikulozereni fomu yoyenera kuyamba nayo.