Kwa achemwali ofunsa za literature ndi creative writing

Achemwali, mwafunsa ngati n'chanzeru kukaphunzira English literature ndi creative writing ku yunivesite, pomwe bambo anu akuti mutenge za akaunti chifukwa ndakatulo sadyera nsima. Ine ndinaphunzira literature, pano ndikudya choko ku sekondale, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Mwaika zinthu ziwiri m'thumba limodzi, koma n'zosiyana. Literature ndi kuwerenga. Ambirife tinalowa tikuganiza kuti tikatuluka tili olemba mabuku, n'kukapeza kuti zaka zinayi zonse tikulemba ma essay okamba za mabuku a anthu ena. Sabata ino chisudzo cha Shakespeare, Chingerezi cha m'ma 1600 chimene ngakhale Mngelezi wa lero amachita kusuzumira tanthauzo m'munsi mwa tsamba. Sabata yamawa novel ya Dickens yonenepa ngati njerwa. Kenako Achebe, Soyinka, Ngugi, ndipo pamwamba pake akuthirirani theory, za Marxism, feminism, postcolonialism, mpaka mutu kuwawa. Nthawi yathu buku limodzi tinkalimbirana kalasi yonse, wina kuwerenga masana, wina usiku, ndalama ya ndiwo n'kuthera ku fotokope. Ngati kuwerenga kumakugwetsani tulo, musayerekeze. Koma ngati ndinu uja amapsereza nyemba pamoto chifukwa cha buku, mukasangalala, ndipo mukatuluka mukudziwa kuona mmene nkhani anaisokera, pamene pali msoko ndi pamene mlembi anabisa mfundo.

Creative writing ndiye kulemba kwenikweniko, ndipo mtima wake ndi chimene amati workshop. Mumalemba nkhani yanu, mumagawira anzanu, aliyense amakawerenga, ndiye tsiku lokumana inu mumakhala duu, osayankha, iwo akuisenda ngati chinangwa. Tsiku langa loyamba sindidzaliiwala. Ndinalemba za agogo akumudzi amene mbuzi zawo zinabedwa. M'nkhanimo agogowo ali pa mtondo, musi m'manja, akuti "I am utterly devastated." Mnzanga wina anakweza mkono n'kufunsa mwaulemu kuti, kodi agogowa ku Oxford anapita chaka chanji? Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Ndinakwiya sabata yathunthu, koma funso limenelo linandiphunzitsa kuposa ma lecture a chaka chonse. Vuto lathu ife olemba m'Chingerezi ndi limeneli: anthu a m'nkhani zathu amalankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, ndiye uyenera kupinda Chingerezicho mpaka owerenga amve mawu a agogo enieni, kudandaula kwawo kozungulira, kosatchula chinthu ndi dzina. Zimenezo palibe amene angakulembereni pa bolodi. Umazipeza polemba, kulakwitsa, kusekedwa, n'kulembanso.

N'chifukwa chake ndimakonda kukumbutsa anthu za Writers' Group ya ku Chancellor College. Inayamba mu 1970, kolejiyo isanasamuke ku Blantyre kupita ku Zomba mu 1973. Sinali kosi yopatsa malikisi. Ophunzira ndi aphunzitsi ankangokumana, kuwerengerana ndakatulo ndi kudzudzulana, m'nthawi ya Kamuzu pamene mawu amodzi olakwika ankatha kukugonetsa m'ndende. Mmenemo munadutsa a Jack Mapanje, a Frank Chipasula, a Lupenga Mphande, a Steve Chimombo. Kuopa a Censorship Board kunawaphunzitsa kulankhula mophiphiritsa, kudzera mwa nanzikambe, mwa Napolo, mwa nthano za makolo. Komabe a Mapanje, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Digiri inawapatsa mabuku ndi aphunzitsi, koma chimene chinanola ndakatulo zawo ndi gulu lija.

Tsopano za bambo anu. Musawaone ngati mdani, akunena zoona mbali ina. Kuno kwathu mabuku amene amagulidwa kwambiri ndi a sukulu. Buku lako likalowa pa silabasi ya MSCE ndiye waphula, likapanda kutero umayenda nalo m'chikwama kugulitsa kwa abale ndi a ku tchalitchi. Anzanga a m'kalasi lero ena ndi aphunzitsi ngati ine, ena atolankhani, ena akonzi, ena amalemba malipoti ndi za mauthenga m'mabungwe. Onse akudya, koma wodya ndalama ya novel yekha sindinamuonepo. Komanso ngati bambo ataumirira za akauntizo, sikuti kulemba kwathera pomwepo. A Stanley Kenani anaphunzira za akaunti, koma nkhani zawo zinafika pa mndandanda womaliza wa Caine Prize, mpikisano wa nkhani zazifupi za olemba a mu Africa, kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Ineyo, ndi digiri yanga ya literature, sindinafikepo ngakhale pakhomo.

Ndikanakhala inu ndikanatere. Posankha makosi pa fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndikanaika za maphunziro a uphunzitsi zokhala ndi Chingerezi, kapena Humanities, ku UNIMA kapena ku Mzuni. Ya uphunzitsi ndi yosavuta kuwafotokozera bambo, chifukwa ntchito yake amaidziwa. Musanasankhe, pezani mndandanda wa makosi a chaka chilichonse muone kuti kulemba kwenikweni kulipo kochuluka bwanji, musangokopeka ndi dzina. Safunsa anadya phula. Ndipo mukalowa musanyoze makosi a linguistics ndi a zilankhulo zathu, ndi amene adzakuthandizeni pa vuto la agogo lija.

Digiri ya creative writing payokha imakoma pa masters, munthu utalemba kale zinthu. Yotchuka ku Britain ndi ya University of East Anglia, imene anayambitsa Malcolm Bradbury ndi Angus Wilson mu 1970, ndipo Kazuo Ishiguro, amene analandira Nobel mu 2017, anadutsa kumeneko. Malo otere amafuna kuona zolemba zanu, osati satifiketi yokha, ndipo fizi yake ndi yoboola m'thumba. Scholarship ya Chevening, yophunzirira ku Britain, imafuna kuti mukhale mutagwirako ntchito zaka ziwiri. Ndiye zimenezo ndi za mtsogolo.

Za panopa, Commonwealth Short Story Prize salipiritsa kulowa, imatsegula pa 1 September n'kutseka pa 1 November, ndipo amafuna nkhani ya mawu 2,000 mpaka 5,000. Pezani anzanu atatu osaopa kukukhumudwitsani, muzikumana Loweruka lililonse ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Mukamaliza nkhani yoyamba nditumizireni ku inbox, koma dziwiranitu kuti cholembera changa ndi chofiira.