Magalasi akuda a pamsika: yankho kwa achimwene a kabaza a ku Luchenza

Achimwene, mwafunsa ngati magalasi akuda otchipa a pamsika angakuthandizeni, poti mumaswera pa njinga yamoto, maso akufiira, ndiponso kanyama kayamba kumera m'diso chakumbali ya mphuno.

Kuda kwa galasi sikuteteza diso. Chimene chimawononga ndi cheza cha dzuwa chosaoneka chotchedwa UV. Pali magalasi oyera mbee amene amachitchinga chonse, ndipo pali akuda bii amene chimangodutsamo. Akuda oterewa ndiye oopsa zedi: diso limayesa kuti kwada, kamwanadiso n'kutseguka kwambiri, chezacho n'kumalowa chochuluka kuposa mukanakhala osavala kanthu.

Pogula, funani olembedwa UV400. Amenewa amatchinga cheza chonse cha UV, kuphatikizapo mitundu yake yotchedwa UVA ndi UVB. Koma kapepala komata aliyense atha kusindikiza, choncho mukapita ku Limbe kapena ku Blantyre, funsani kwa opima maso amene ali ndi kachipangizo koyezera UV akuyezereni. Ndi ntchito ya kamphindi.

Onaninso nambala yolembedwa pa mwendo wa magalasi, kuyambira 0 mpaka 4. Imeneyi ikunena za kuda kokha. Nambala 3 imalowetsa 8 mpaka 18 peresenti ya kuwala, ndiyo yoyenera masana. Nambala 4 njakuda mopitirira, musayendetsere njinga. Kukayamba kuda vulani zonse.

Kwa inu tikanasankha a polycarbonate, mtundu wa pulasitiki wolimba. Amatchinga UV mwachibadwa chake, osadalira utoto wopaka pamwamba, komanso saphwanyika msanga kamwala kakakuthamangirani. Olembedwa polarized amachepetsa kuthobwa ndi tala wonyowa, koma mawu amenewo paokha sakunena za UV.

Kaumbidwe musakapepuse. Kuwala kolowera chakukhutu kumapindika pa diso n'kukasonkhana chakumphuno, komwe kanyamako kamakonda kumera. Tigalasi tating'ono tafashoni sititchinga m'mbali. Tengani okuta nkhope mpaka m'mbali, amene atsekerenso fumbi ndi mphepo, zomwe zimawonjezera vutoli. Tsiku la chiperoni musawasiye pakhomo, chifukwa UV amapyola mitambo yopyapyala. Ndipo kwa amayi othyola tiyi ku Thyolo, chipewa cha khonde pamodzi ndi magalasi ndiye zimagwirizana bwino, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo.

Za kanyamako, magalasi angangothandiza kuti kasakule msanga, sangakachotse. Musadonthezemo shuga, mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba. Pitani ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje akakaone. Pali khansa ya pamwamba pa diso imene poyamba imaoneka chimodzimodzi, ndipo kuno kwathu si yachilendo. Ngati kakukula msanga, kakuyera ngati chinangwa kapena kakutuluka magazi, musadikire kuti mwezi uthe; akaona kuti n'kofunika opaleshoni, akutumizani ku chipatala cha maso ku Queens.