Funsani Amakanika: Foni yanena P0171, ndagula sensa, nyale yayakanso

FUNSO: Amakanika, ndimayendetsa takisi ya Toyota Corolla Axio ya 2010 pakati pa Katete ndi Chipata. Mwezi watha nyale yachikasu ya injini inayaka. Alamu anga anandibweretsera kachipangizo kabuluu kuchokera ku Lusaka, kolembedwa ELM327, kolumikiza galimoto ndi foni pa Bluetooth. Pulogalamu ya Torque inandionetsa P0171. Anzanga a pa siteji anati ndi sensa ya okosijeni. Ndinagula ina, n'kufufuta nambalayo, koma sabata isanathe nyale ija inayakanso. Kodi kachipangizoka n'kabodza? — A Banda, Katete

YANKHO: A Banda, kachipangizo kanu sikananame ayi. Zinasokonekera pa siteji pomasulira. P0171 sikutanthauza kuti sensa yafa. Ikunena kuti kompyuta ya galimoto yaona kuti mu injini mukulowa mpweya wambiri kuposa petulo, ndipo yawonjezera mafuta mpaka pamene sangawonjezerekenso. Sensa ya okosijeni ya pa ekzosi ija ntchito yake inali kungonena zimene yaona. Inu mwathamangitsa mboni, wakuba akadali m'nyumba. Yakaleyo ngati simunataye, isungeni, mwina ili bwinobwino.

Anthu ambiri akagula kachipangizoka amangowerenga nambala ndi kufufuta, basi. Koma phindu lake lenileni lili pa manambala amene amasinthasintha injini ikulira. Mu Torque, ikani pa sikirini zinthu zitatu: kutentha kwa madzi a injini, short term fuel trim ndi long term fuel trim. Awiri omalizawa amaonetsa kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa. Yendetsani galimoto kaye mpaka madzi atenthe, afike cha m'ma madigiri 85 kapena 90, kenako imani pamthunzi injini ikulira yokha, AC yozimitsa. Phatikizani manambala awiriwo. Pa galimoto yabwino amakhala pafupi ndi ziro, osapitirira 10 peresenti. Pa yanuyo ndikuyembekeza kuti muona 20 kapena kuposa.

Tsopano pondani mafuta pang'ono injini ifike pozungulira ka 2,500 pa mphindi ndipo mugwire pomwepo kwa mphindi imodzi. Nambala ija ikatsika n'kuyandikira ziro, ndiye kuti mpweya ukulowera pena pake pobooka, malo amene sensa ina, yoyeza mpweya wolowa mu injini, sikuwaona. Pitani pa payipi yakuda yarabala yochokera pa bokosi la fyuluta ya mpweya kupita ku injini. Musangoyiyang'ana ndi maso. Igwireni ndi dzanja, muipinde uku ndi uku, mutambasule makwinya ake amodziamodzi, makamaka apansi. Rabala yotopa ndi kutentha imang'aluka mkati mwa khwinya, ndipo mng'alu wake sutseguka pokhapokha mutaipinda. Timapayipi ting'onoting'ono tapambali natonso timauma n'kusweka kumapeto kumene tavekedwa.

Koma nambala ikakhala yabwino injini ikulira yokha, n'kumakwera mukaponda mafuta kapena mukakwera mtunda ndi anthu odzaza, vuto lili kwina. Mwina petulo sakufika wokwanira chifukwa pampu yafooka kapena fyuluta yake yatsekeka, ndipo amene mumathira mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu mukudzidziwa nokha. Apo ayi, sensa yoyeza mpweya yada. Kuno kwathu ine ndimayambira pamenepa, chifukwa fumbi la Seputembala ndi Okutobala m'misewu yolowera kumidzi si lamasewera, komanso anyamata ena amapopera fyuluta ya mpweya ndi kompuresa mpaka pepala lake kubooka. Sensayo ili pafupi ndi bokosi la fyuluta, yomangidwa ndi timasikuluwu tiwiri. Mukaizula muona timawaya topyapyala mkati mwake. Tipopereni ndi mankhwala ake otsukira sensa imeneyi, mudikire tiume. Osatikhudza ndi nsalu, kamtengo kapena chala, timaduka msanga ndipo sensa yatsopano si yotchipa.

Za kufufuta ndinenepo pang'ono. Nyale ikayaka, kompyuta imasunga momwe zinthu zinalili pa nthawi imeneyo: liwiro, kutentha kwa madzi, kuzungulira kwa injini. Mukafufuta, zonsezo zimapita, ndipo makanika amene mudzapiteko adzayambira mumdima. Jambulani sikirini kaye. Komanso nyale ikayamba kuphethira m'malo mongoyaka, musakakamize kufika ku Chipata. Kuphethira kumatanthauza kuti silinda ina sikuwotcha petulo, ndipo petulo wosapsayo akukawononga catalytic converter, chipangizo cha mu ekzosi choyeretsa utsi. Pamenepo foni imaonetsa P0300, kapena P0301 mpaka P0304, nambala yomalizayo ikutchula silinda yolakwa. Yambani ndi pulagi ndi koyilo ya silinda imeneyo.

FUNSO: Ine ndili ndi Toyota Noah ya 2003 yonyamulira katundu wa m'sitolo. Ndinabwereka kachipangizo kotereka, kanalowa bwino pa soketi ya pansi pa chiwongolero, magetsi ake anayaka, koma iPhone yanga sikukaona n'komwe. Mwana wanga atayesa ndi foni yake inalumikizana nako, koma inalemba kuti galimoto sikuyankha. — Mayi Zimba, Lundazi

YANKHO: Mayi, mavuto anu ndi awiri ndipo sakugwirizana. Loyamba n'losavuta. Tizipangizo tambiri totchipa timagwiritsa ntchito Bluetooth yakale imene iPhone salola pa ntchito ngati imeneyi. Pa iPhone pamafunika ka Wi-Fi kapena kolembedwa Bluetooth LE. Pa Android kamalumikizana, ndipo foni ikafunsa nambala yachinsinsi nthawi zambiri imakhala 1234 kapena 0000.

Lachiwiri ndi la galimotoyo. Dongosolo limene tizipangizoti timatsata, lotchedwa OBD2, linakhala lamulo ku America mu 1996. Ku Ulaya linayamba mu 2001 pa galimoto za petulo ndi 2004 pa za dizilo. Dziko la Japan linachedwerapo, mpaka cha m'ma 2008, pomwe galimoto zathu zambiri zodzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde zinapangidwira msika wa ku Japan komweko. N'chifukwa chake Noah yanu ili ndi soketi yomweyo ya mabowo 16 koma imalankhula mwa njira ya Toyota. Yesani pulogalamu ya Car Scanner, imene imakulolani kusankha mtundu wa galimoto musanalumikize. Zina zakale zimayankha mukatero, zina zimakana ndithu mpaka zitakumana ndi makina aakulu a ku galaja.

Mukafuna kugula kanu, dziwani kuti ELM327 yeniyeni inkapangidwa ndi kampani ya Elm Electronics ya ku Canada, ndipo tabuluu totchipa timene tadzaza pamsikati ndi tongotengera. Tina timagwira bwino, tina timasiya malamulo ena amene galimoto zakale zimafuna, makamaka tolembedwa v2.1. Kunja timaoneka chimodzimodzi. Ndiye pitani ndi galimoto pamalo pogulira, mukalumikize pamaso pa wogulitsa, muone foni ikuwerenga kuzungulira kwa injini musanatulutse ndalama. Musayembekezenso kuti kadzakuuzani za mabuleki a ABS kapena airbag, ndi mapulogalamu wamba kamangowerenga za injini.

Ndipo madzulo muzikazula. Soketi imeneyi imakhala ndi moto wochokera ku batire ngakhale kiyi mwachotsa, choncho Noah ikaima masiku angapo kudikira katundu, kachipangizo kosiyidwa pamenepo kamamwa batire pang'onopang'ono.