Yankho kwa achemwali amene afunsa za kulipira IVF ndi HSA kapena FSA

Achemwali, mwafunsa ngati ndalama za mu HSA kapena FSA, maakaunti a ku America osungiramo ndalama zachipatala zosadulidwa msonkho, zingalipire IVF, njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, poti adokotala akuti muyambe chaka chamawa. Eya, zimalipira. IRS, bungwe lotolera msonkho ku America, m'chikalata chake cha Publication 502, imaiwerengera IVF ngati thandizo lakuchipatala, pamodzi ndi mankhwala obaya amene adokotala akulemberani, kusunga mazira kapena umuna kwa kanthawi, ngakhalenso opaleshoni yomasula machubu kwa amene anatseketsa. Zolipira mayi wokunyamulirani mimba ndiye sizilowamo.

Koma nkhani yagona pa kusankha bwino nthawi ya open enrollment, yosankha inshulansi ndi maakauntiwa kuntchito, imene m'makampani ambiri imagwa mu Okutobala kapena Novembala. Mukaiphonya mudikira chaka china.

FSA ili ndi ubwino umodzi umene anthu ambiri sauona. Mukalembetsa $3,300, omwe anali malire a 2025, ndalama yonseyo imakhalapo tsiku loyamba la chaka, pomwe pa malipiro anu akudula pang'onopang'ono mpaka Disembala. Abambo akunyumba akalembetsanso yawo kuntchito kwawo, ndiye kuti muli ndi $6,600 yosadulidwa msonkho mu Januwale momwemo. Kuipa kwake, zotsala zimapita. Makampani ena amalola kuolotsa pang'ono kupita chaka chinacho (mu 2025 inali mpaka $660), ena amakupatsani mpaka pa 15 Marichi kuti muzigwiritse ntchito, ena ayi ndithu. Ndiye adokotala akasuntha tsiku, mwina chifukwa magazi sanatuluke bwino, mutha kupezeka mukugula magalasi amaso atatu pofuna kupulumutsa ndalama yanu yomwe.

HSA ndi yanuyanu, siitha chaka chikatha, ndipo mukasintha ntchito mumapita nayo. Malire a banja mu 2025 anali $8,550. Koma imafuna inshulansi ya HDHP, ija yoti mumayamba mwalipira kaye zambiri nokha, ndipo mumatapa zokhazo zimene zalowamo. Itseguleni chithandizo chisanayambe, chifukwa bilu ya tsiku limene akaunti inali isanatsegulidwe siiloledwa. Ikatseguka, mukhoza kulipira ndi ndalama zam'thumba lero n'kudzadzibwezera patsogolo. Risiti iliyonse ijambuleni pa foni muli pakauntala pomwepo, zija za ku famase zimafufutika msanga. Mukatapa pa zosaloledwa musanafike zaka 65, pali msonkho ndi chindapusa cha 20 peresenti.

Samalani apa: FSA wamba ya amuna anu imakuletsani kuika ndalama mu HSA, chifukwa imawerengedwa kuti ikuthandizanso inu. Yoyenda ndi HSA ndi ija ya mano ndi maso okha.

Ine ndikanakhala inu, tsiku la IVF likakhala lotsimikizika kumayambiriro kwa chaka, ndikanatenga ma FSA awiriwo. Ngati mukadali pa zoyezayeza, HSA. Zonsezi sizimaliza bilu, poti ulendo umodzi wa IVF ndi mankhwala ake umapitirira $15,000 m'zipatala zambiri, koma msonkho umene mwapewawo ndi ndalama ndithu.

Ena mu gulu muno atchula zopita ku Johannesburg. Thandizo lovomerezeka la kunja limaloledwa, ndipo malo ogona amawerengedwa mpaka $50 usiku umodzi pa munthu. Tikiti yopitirira kukaona amayi ku Lilongwe musaiikemo.

Musanasaine fomu, afunseni a HR ngati inshulansi yanu imalipira IVF. Ku Massachusetts, Illinois ndi New Jersey malamulo amakakamiza mapulani ambiri kutero, kupatula makampani amene amadzilipirira okha mabilu a antchito awo.